Zaka 28 Kudikira Hatchi Imodzi: Moyo wa Mayi Gladys Mills Phipps

Mu Ogasiti 1936, khola la mahatchi othamanga lotchedwa Wheatley Stable ku America linagulitsa kahatchi kamphongo ka zaka zitatu pa mtengo wa madola 8,000. Kanali kafupi, kamawondo osaongoka bwino, kokonda kudya ndi kugona, ndipo pa mipikisano yake 17 yoyambirira sikanapambanepo ndi umodzi womwe. Wogula anali Charles Howard, mkulu wogulitsa magalimoto ku San Francisco. Patangopita zaka ziwiri, pa 1 Novembala 1938, kahatchi komweko, dzina lake Seabiscuit, kanasiya m'mbuyo War Admiral, hatchi imene aliyense ankaiopa, pa bwalo la Pimlico ku Baltimore, anthu mamiliyoni akumvetsera pa wailesi. Pomwe kankapuma mu 1940 kanali katapata madola 437,730, ndalama zimene panalibe hatchi ina padziko inali itapatapo.

Khola limene linataya mwayi umenewu linali la mayi wina wolemera kwambiri, Gladys Mills Phipps, ndipo ndi khola lomwelo limene linakweretsa bambo ndi make wa Seabiscuit. Aka sikanali komaliza kuti hatchi yoposa zinzake zonse idutse m'manja mwa banja lawo n'kukathera kwa ena. Komabe anthu odziwa za mahatchi akamatchula amene anaumba mtundu wa mahatchi othamanga a ku America, dzina la mayiwa silisowa. Zimenezi zikugwirizana bwanji? Yankho lagona pa chimene chuma chimagula pa ulimi umenewu, ndi chimene sichingagule ngakhale chitachuluka bwanji.

Kumene chumacho chinachokera

Gladys Livingston Mills anabadwa pa 19 Juni 1883, mapasa ndi m'bale wawo Beatrice. Agogo awo aamuna, Darius Ogden Mills, anapita ku California pa nthawi imene anthu ankakhamukira kumeneko kukakumba golide cha m'ma 1849. Iwo sanalemere ndi fosholo ayi. Ankagula golide kwa okumbawo ndi kuwasungira ndalama, kenako anatsegula banki ku Sacramento, ndipo mu 1864 anakhala mkulu woyamba wa Bank of California. Amayi a Gladys, Ruth Livingston, anali a ku banja lakalekale la eni minda ikuluikulu m'mbali mwa mtsinje wa Hudson ku New York.

Mu 1907 Gladys anakwatiwa ndi Henry Carnegie Phipps, ndipo apa chuma chinakumana ndi chuma chinzake. Apongozi awo, Henry Phipps Jr., anali mwana wa munthu wosoka nsapato, amene anakulira limodzi ndi Andrew Carnegie ku Pittsburgh. Awiriwa atakula anagwira limodzi ntchito yopanga zitsulo, Phipps akuyang'anira za ndalama. Kampaniyo itagulitsidwa kwa J.P. Morgan mu 1901 pa mtengo wa madola 480 miliyoni, Phipps ndiye anali wachiwiri kwa Carnegie pa kukula kwa gawo.

Ndalama zimenezi zinali ndi thukuta la anthu ena. M'mafakitale a Carnegie amuna ankakhala maola 12 pa tsiku pafupi ndi ng'anjo zosungunula chitsulo, ndipo antchito a ku Homestead atanyanyala mu 1892, anthu osachepera khumi anaphedwa pa mkangano ndi alonda amfuti amene kampani inawabweretsa. Gladys panthawiyo anali mwana wa zaka 9, choncho mlanduwo si wawo. Koma munthu akamasirira khola la mahatchi onyezimira, ndi bwino adziwenso kuti udzu wake unagulidwa ndi chiyani.

Mahatchi anali kale m'banjamo. Bambo awo, Ogden Mills, ankathamangitsa mahatchi ku France, ndipo mu 1928 hatchi yawo Kantar inapambana Prix de l'Arc de Triomphe, mpikisano waukulu kwambiri m'dzikolo. Gladys anayambitsa khola lawolawo mu 1926, ali ndi zaka 43, mogwirizana ndi mlongo wawo Ogden Livingston Mills, amene pambuyo pake anadzakhala nduna ya zachuma mu ulamuliro wa Herbert Hoover. Mlongoyo anamwalira mu 1937, ndipo kuchokera pamenepo kholalo linali m'manja mwa mayiwa okha.

Ulimi umene suyankha msanga

Mahatchi amene tikukambawa amatchedwa thoroughbred. Mtunduwu unayambira ku England zaka zoposa 300 zapitazo, pamene mahatchi aakazi akumeneko anakweretsedwa ndi amphongo ochokera kumayiko a Aluya ndi madera oyandikana nawo. Mukatsata mzere wa abambo wa hatchi iliyonse ya mtunduwu lero, mukathera pa imodzi mwa mphongo zitatu: Byerley Turk, Darley Arabian kapena Godolphin Arabian. Kuyambira 1791 Angerezi akhala akulemba m'kaundula hatchi iliyonse pamodzi ndi makolo ake, ndipo ku America ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la The Jockey Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1894. Hatchi imene mulibe m'kaundulamo siloledwa pa mipikisano ya mtunduwu, ithamange bwanji. Palinso lamulo limene alimi a ng'ombe zamkaka angadabwe nalo: umuna wochita kubayira ndi woletsedwa. Yaikazi iyenera kupita kumene kuli mphongo, ikakweredwe zenizeni, apo ayi mwanayo salembedwa.

Tsono tiyeni tiwerengere nthawi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, kawirikawiri n'kuswa awiri, moti woweta amadziwa msanga ngati tonde wake ali wabwino. Hatchi imakhala ndi bere miyezi 11 n'kuswa mwana mmodzi, ndipo zaka zina imangodutsa osatenga bere. Mwanayo amayamba kupikisana ali ndi zaka ziwiri, pomwe mipikisano ikuluikulu imafuna wa zaka zitatu. Kumayiko a kumpoto kwa dziko lapansi hatchi zonse zimawerengedwa kuti zawonjezera chaka pa 1 Januwale, pomwe ku South Africa ndi ku Australia tsikulo ndi 1 Ogasiti, choncho woweta amayesetsa kuti ana abadwe kuchiyambi kwa nyengo, asadzapikisane ndi anzawo okhwima kuwaposa. Munthu akasankha lero kuti yaikazi iyi ikweredwe ndi mphongo iyo, yankho lenileni amadzalimva patapita zaka zinayi. Ndipo yankho la mwana mmodzi silikwanira, chifukwa ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi amatha kusiyana ngati usana ndi usiku. Kuti udziwe ngati yaikazi ili yobereka akatswiri, uyenera kuidyetsa zaka pafupifupi khumi.

Ndani angakwanitse kudikira chotere? Oweta ambiri sangathe. Iwo amaweta kuti agulitse ana a chaka chimodzi pa msika wa okushoni, monga wa Keeneland kapena wa Saratoga, ndipo amakakamizika kukweretsa mphongo imene ogula akuikonda chaka chimenecho. Mwana wamkazi wabwino akabadwa, naye amapita, pakuti ngongole sidikira. Mayi Phipps analibe wowathamangitsa. Ankaweta kuti athamangitse okha, aone ndi maso awo kuti uyu ndi wolimba, uyu ndi wamantha, uyu amatopa msanga, kenako ana aakazi abwino ankawabweza kumunda kuti akakhale amayi a mbadwo wotsatira. Apa ndi pamene chuma chawo chinagwira ntchito. Sichinawapatse maso oona zam'tsogolo. Chinawapatsa mpata wolakwitsa chaka ndi chaka popanda kutseka khola.

Zaka za misozi, ndi kulakwitsa kwakukulu

Mahatchi oyamba anawagula ali a chaka chimodzi kwa Harry Payne Whitney, mpondamatiki mnzawo wa ku Long Island, ndipo anawapereka kwa mphunzitsi James Fitzsimmons, amene aliyense ankamutchula kuti Sunny Jim. Chiyambi chinali chokoma ndi chowawa nthawi imodzi. Kamphongo kotchedwa Dice kanapambana mipikisano yonse isanu imene kanalowa mu 1927, n'kufa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Diavolo inawapatsa chikho cha Jockey Club Gold Cup mu 1929. Dark Secret inatenga chikho chomwecho mu 1933, ndipo mu 1934, itatsala pang'ono kumaliza mtunda wa makilomita oposa atatu, inathyoka mwendo. Inapitirirabe mpaka kudutsa mzere ili patsogolo, ndipo anaipha tsiku lomwelo.

Wina angafunse kuti bwanji osangoimanga mwendowo. Hatchi yolemera makilogalamu 500 imaima pa miyendo yowonda, ndipo singagone pansi kwa milungu monga munthu amagonera m'chipatala. Ikaleka kuponda mwendo umodzi, ziboda za miyendo inayo zimayamba kudwala chifukwa cha kulemedwa, ndipo ululu wake ndi wosaneneka. N'chifukwa chake kuthyoka kwina, kumene mwa munthu kungapole pa miyezi iwiri, mwa hatchi kumakhala imfa.

Nanga Seabiscuit anaitaya bwanji? Bambo wake anali Hard Tack, mwana wa Man o' War, hatchi yotchuka kwambiri m'mbiri ya America. Hard Tack inali ndi liwiro koma inali yolusa ndi yamakani, moti pa bwalo sinaphule kanthu kwenikweni. Make, Swing On, sanapikisanepo n'komwe. Mwanayo atabadwa mu 1933 sanafanane ndi agogo ake ngakhale pang'ono. Fitzsimmons anaona kuti liwiro lilimo koma ulesi wachuluka, ndipo maso ake panthawiyo anali pa Omaha, hatchi ya khola lina imene ankaiphunzitsanso, yomwe inatenga zikho zonse zitatu zikuluzikulu za ku America, Kentucky Derby, Preakness Stakes ndi Belmont Stakes, mu 1935. Seabiscuit inathamangitsidwa maulendo 35 ili ndi zaka ziwiri zokha, chiwerengero choposa chimene mahatchi ambiri otchuka a masiku ano amathamanga moyo wawo wonse. Itafika kwa Howard, mphunzitsi wina wosalankhulalankhula, Tom Smith, anaipatsa nthawi, anaipezera hatchi inzake yogona nayo m'khola, n'kuilola kugona mmene ikufunira. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ine sindiona kuti Fitzsimmons anali wosadziwa ntchito. Munthu amene anaphunzitsa mahatchi awiri otenga zikho zonse zitatu, Gallant Fox mu 1930 ndi Omaha, sangakhale mbuli. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti khola lalikulu lili ndi khungu lakelake: mahatchi akachuluka, amene akufuna chisamaliro chapadera amasowa womuyang'ana kawiri. Mayi Phipps sanamuchotse ntchito mkuluyu. Anakhala naye mpaka pamene anapuma yekha mu 1963, ali ndi zaka 88, msana utapindika ndi nyamakazi.

Make mbuu, mwana mbuu

Anthu akamakamba za mtundu wa mahatchi amathamangira kutchula mphongo, chifukwa mphongo imodzi imabereka ana makumimakumi pa chaka. Koma oweta enieni amadziwa kuti khola limamangidwa ndi zazikazi. Mphongo ukhoza kuilipira chaka chino, chaka chamawa n'kusintha. Yaikazi yabwino sipezeka pamsika, chifukwa amene ali nayo sagulitsa.

Mu 1946 khola la Wheatley linagula kahatchi kakakazi kotuwa, Grey Flight. Pa bwalo kanachita bwino ndithu, koma ntchito yake yeniyeni inaoneka kumunda: mwa ana ake, asanu ndi anayi anapambana mipikisano ya pamwamba, chinthu chimene zazikazi zowerengeka zokha zachitapo. Mwana wake Misty Morn anasankhidwa kukhala katswiri wa zazikazi za zaka zitatu mu 1955, kenako nayenso anabereka akatswiri awiri. Mzere umodzi wokhawu unadyetsa kholalo ulemu kwa zaka zoposa 20.

Mayi Phipps analibe munda wawo woswetsera. Zazikazi zawo zinkakhala ku Claiborne Farm, munda wa banja la Hancock pafupi ndi tauni ya Paris ku Kentucky, dera la nthaka ya miyala ya laimu limene udzu wake amati umalimbitsa mafupa. Ubale wa mabanja awiriwa unadutsa mibadwo. Mu 1950 Arthur Hancock Jr., wodziwika kuti Bull, anabweretsa kuchokera ku Ireland mphongo yotchedwa Nasrullah, yochokera m'khola la woweta wotchuka Aga Khan, yaliwiro koma yovuta mtima. Inakweretsedwa ndi yaikazi ya Mayi Phipps, Miss Disco, ndipo usiku wa pa 6 Epulo 1954 kunabadwa kamphongo kakuda moderako. Usiku womwewo, pa munda womwewo, kunabadwanso Round Table, yomwe inadzakhala mdani wake pa bwalo. Mayi Phipps anali ndi zaka 70, amuna awo atamwalira chaka chapitacho, ndipo panali patatha zaka 28 chiyambitsireni khola. Kamwanako anakatcha Bold Ruler.

Bold Ruler

Inakula movutikira. Ili yaing'ono inadzicheka lilime m'khola mpaka kutsala pang'ono kuduka, ndipo kuchokera pamenepo m'kamwa mwake simunkafuna kukokedwa ndi chitsulo. Izi zinaoneka pa Kentucky Derby ya 1957, pamene wokwera wake Eddie Arcaro anayesa kuigwira kuti isunge mphamvu. Hatchiyo inalimbana naye njira yonse n'kuthera pa nambala 4. Patapita milungu iwiri, pa Preakness Stakes, Arcaro anaisiya kuti ithamange mmene ikufunira, ndipo inatsogola mpaka kumapeto. Mu Novembala chaka chomwecho inakumana ndi Gallant Man ndi Round Table pa Trenton Handicap n'kuzigonjetsa zonse, ndipo inasankhidwa kukhala hatchi yopambana ya chakacho.

Chaka chotsatira inalowa m'mipikisano ya mtundu wa handicap, mmene hatchi yamphamvu imasenzetsedwa katundu wolemera kuposa zinzake, zitsulo zikuikidwa m'thumba pansi pa chishalo, kuti mpikisano ukhale wofanana. Pa Suburban Handicap inanyamula makilogalamu pafupifupi 61 n'kupambanabe. Inapuma itapambana maulendo 23 pa 33. Amene anaona amasimba kuti chimphongo chimenechi chinkafatsa chikafika pamaso pa mayi wachikulire, wochepa thupi, amene ankachigwira chingwe yekha.

Koma ukulu wa Bold Ruler unadzaonekera ku Claiborne. Kuyambira 1963 mpaka 1969, zaka zisanu ndi ziwiri zondondozana, ana ake ndiwo ankapata ndalama zambiri kuposa a mphongo ina iliyonse ku America, ndipo inabwerezanso mu 1973. Nthawi imeneyo mphongo inkakwera zazikazi 30 kapena 40 pa chaka, osati zoposa 150 monga zikuchitikira lero, moti ana ake onse sanakwane 400. Mwa amenewa, 82 anapambana mipikisano ya pamwamba, kutanthauza kuti mwana mmodzi pa asanu aliwonse anali katswiri. Khola la Wheatley linakolola: mu 1964 Bold Lad ndi Queen Empress anali akatswiri a zaka ziwiri, wamphongo ndi wamkazi, mu 1966 Successor anatsatira, ndipo chaka chimenecho kholalo linatsogola pa makhola onse a m'dzikomo. Bold Lad ndi Successor anali ana a Misty Morn, zidzukulu za Grey Flight uja. Zimene zinabzalidwa mu 1946 zinali zikupsa tsopano.

Panali dandaulo limodzi. Ana a Bold Ruler ankakhwima msanga ndipo anali aliwiro, koma anthu ankati sangapirire mtunda wa makilomita awiri wa Kentucky Derby. Bold Lad anapita ku Louisville, kumene kumachitikira mpikisanowu, mu 1965 ambiri akumuyembekezera, n'kuthera pa nambala 10. Successor nayenso analephera. Chikho chimenechi Mayi Phipps sanachigwirepo moyo wawo wonse.

Khobidi loponyedwa m'mwamba

Mwini mphongo yotchuka amalipiritsa ndalama zambiri pa kukweretsa kamodzi, kapena amaigawa m'magawo n'kugulitsa. A Phipps sanachite zimenezo ndi Bold Ruler, pakuti ndalama sizimene ankasowa. Chimene ankafuna ndi magazi a zazikazi zabwino za anthu ena, zija zosapezeka pamsika. Choncho kwa oweta ena malipiro anali mwana. Ubweretse zazikazi zako zaka ziwiri, ana akabadwa tigawane, ndipo woyamba kusankha adziwike poponya khobidi. Wopambana ankasankha koyamba pa ana a chaka choyamba, wogonja n'kusankha koyamba pa a chaka chachiwiri. Nzeru imeneyi ndi ya munthu woganiza za mibadwo osati za chaka chino.

Mmodzi mwa amene anagwirizana nazo anali Christopher Chenery wa khola la Meadow ku Virginia. Mu 1968 khola lake linatumiza zazikazi ziwiri, Somethingroyal ndi Hasty Matelda, ndipo chaka chotsatira zinaswa, yoyambayo mwana wamkazi, inayo wamphongo. Mu 1969 linatumizanso Somethingroyal pamodzi ndi Cicada, koma Cicada sinatenge bere. Ndiye kuti ana onse anali atatu osati anayi, ndipo wopambana mayere akanatenga mmodzi yekha, wogonja n'kutsala ndi awiri, kuphatikizapo amene anali akadali m'mimba. Khobidi linaponyedwa mu 1969. Mayi Phipps anali atakalamba, Chenery akudwala, choncho panaima ana awo: Ogden Phipps mbali iyi, Penny Chenery mbali inayo. Ogden anapambana, n'kutenga mwana wamkazi wa Somethingroyal. Malinga ndi mmene banjali linkaganizira, anasankha bwino: mwana wamkazi wa mayi wabwino ndiye chuma cha khola. Anamutcha The Bride. Pa bwalo sanapambanepo, ngakhale kumunda anadzabereka ana abwino.

Uja anali m'mimba anabadwa pa 30 Malichi 1970, wofiirira, wa miyendo itatu yoyera kumapazi. Anali Secretariat. Mu 1973 anatenga zikho zonse zitatu, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka 25, ndipo pa Belmont Stakes anasiya wotsatira wake mtunda wokwana mahatchi 31 ondondozana, akumaliza makilomita 2.4 pa mphindi 2 ndi masekondi 24. Mpaka lero palibe yafikapo pamenepo pa bwalo la dothi. Dandaulo lija lakuti ana a Bold Ruler sapirira linathera pomwepo. Ndipo taonani: make wa Secretariat anali mwana wa mphongo yopirira mtunda yotchedwa Princequillo, chimodzimodzi Misty Morn wa Mayi Phipps. Kasakanizidwe ka magazi kanali komweko kamene iwo anali atakayesa kale m'khola mwawo. Njira anailondola, koma mwana amene zonse zinakumana mwa iye anagwera kwa mnansi.

Mayi Phipps sanazione zimenezi. Anamwalira pa 19 Okutobala 1970 ali ndi zaka 87, Secretariat ali kamwana ka miyezi isanu ndi umodzi. Bold Ruler panthawiyo inali ikudwala khansa, ndipo ngakhale anaipititsa ku Auburn University kukaiwotcha ndi makina a cheza monga amachitira ndi anthu, matendawo anabwerera, moti anaipumitsa mu Julayi 1971.

Chinthu china chimandikhudza pa moyo wa mayiwa. Mwana wawo Ogden anakhala wapampando wa The Jockey Club, bungwe losunga kaundula uja, koma iwo eni, amene khola lawo linatulutsa mphongo yoposa zonse m'kaundulamo pa nthawiyo, sanakhalepo membala. Bungwelo linayamba kulandira amayi mu 1983, ndipo mmodzi mwa atatu oyambawo anali Penny Chenery. Dzina la Gladys Mills Phipps linadzalowa m'nyumba ya ulemu ya masewerowa ku Saratoga Springs mu 2019. Kunja kwa mahatchi, nyumba yaikulu ya makolo awo ku Staatsburg anaipereka ku boma la New York mu 1938, ndipo lero aliyense akhoza kukaiona.

Mtengo wa liwiro

Pa mipikisano khumi ya Kentucky Derby ya pakati pa 1970 ndi 1979, isanu ndi iwiri inatengedwa ndi mahatchi a mzere wa Bold Ruler: mwana, zidzukulu ndi chidzukulutuvi, Seattle Slew, chimene nachonso chinatenga zikho zonse zitatu mu 1977. Koma m'zaka zomwezo munachitika chinthu chimene okonda masewerowa sachiiwala. Mwana wamkazi wa Mayi Phipps, Barbara, ndi amuna awo Stuart Janney Jr. anaweta hatchi yaikazi yakuda, yaitali, dzina lake Ruffian, mdzukulu wa Bold Ruler. Inapambana mipikisano yake khumi yoyamba, palibe inzake inaidutsapo. Pa 6 Julayi 1975 anaipikisanitsa iwiri yokha ndi Foolish Pleasure, yamphongo imene inatenga Derby chaka chimenecho, nayonso mdzukulu wa Bold Ruler kudzera mwa mwana wa Grey Flight. Zili pa liwiro loopsa, Ruffian ili patsogolo pang'ono, timafupa tiwiri ta m'mwendo wake wakumanja wakutsogolo tinaphwanyika, anthu mamiliyoni akuonera pa kanema. Madokotala anaichita opaleshoni usiku wonse, koma itatsitsimuka inayamba kupalasa miyendo ngati ikuthamangabe, n'kuwononga zonse zimene anakonza. Anaipha m'bandakucha.

Kuyambira pamenepo funso silinathe: kodi posankha liwiro mbadwo ndi mbadwo, oweta sanapepukitse mafupa mopyola? Ena amaloza magazi, ena mabwalo olimba, ena mankhwala obisa ululu ndi kuthamangitsa ana asanakhwime. Kwa ine, woweta aliyense amene amanyadira liwiro la hatchi yake ayenera kuvomeranso kuti Dark Secret ndi Ruffian ndi mbali ya ntchito yomweyo. Ayeneranso kukumbukira amene amadzuka 4 koloko m'mawa kukapala ndowe, kusambitsa ndi kumanga miyendo, ambiri mwa iwo anthu akuda pa nthawi ya Mayi Phipps, lero ambiri ochokera ku Mexico ndi mayiko a kumwera kwake. Mayina awo salembedwa pa zikho, koma ndi iwo amene amayamba kuzindikira kuti mwendo watentha.

Ana ndi zidzukulu anapitiriza njira ya mayi awo, kusunga zazikazi ndi kuthamangitsa zoweta okha. M'khola la Ogden munatuluka Buckpasser, Easy Goer ndi Personal Ensign, yaikazi imene inapuma mu 1988 itapambana mipikisano yonse 13 imene inalowa. Koma Derby inapitirira kuwazemba. Easy Goer inathera pa nambala 2 mu 1989, ndipo Ogden anamwalira mu 2002 asanaigwire.

Pa 4 Meyi 2013, pa Kentucky Derby, pa bwalo lamatope la Churchill Downs, hatchi yotchedwa Orb inachokera kumbuyo kwenikweni n'kudutsa zonse. Eni ake anali asuweni awiri, Ogden Mills Phipps, wodziwika kuti Dinny, ndi Stuart Janney III, onse zidzukulu za Gladys. Ku mbali ya bambo, Orb imachokera kwa Malibu Moon, mwana wa A.P. Indy, mwana wa Seattle Slew, mpaka kukafika kwa Bold Ruler. Ku mbali ya make, mukabwerera mibadwo inayi mupeza yaikazi yotchedwa Laughter, mwana wa Bold Ruler, wobadwa mimba imodzi ndi Ruffian, imene banjali silinaigulitse. Panali patatha zaka 87 kuchokera pamene mayi uja anagula mahatchi ake oyamba kwa Harry Payne Whitney.